Sitima Ikakocheza m'Tauni ya m'Mbali mwa Mtsinje, Titsike Tokha Kapena Titsate Gulu?

Funso: Ine ndi amuna anga talipira ulendo wa mlungu umodzi pa sitima yonyamula alendo mumtsinje wa Danube, kuchokera ku Passau ku Germany mpaka ku Budapest ku Hungary. Pandandanda womwe atitumizira, m'matauni ena monga Melk ndi Dürnstein tidzangokhalamo maola awiri kapena atatu. Abambo akunyumbawa sakonda zoyenda pachigulu, akuti tizikatsika tokha. Ine ndikuopa kuti sitima idzatisiya, komanso bondo langa limavuta ndikayenda nthawi yaitali. Tichite bwanji?

Yankho: Mayi, mantha anuwo ndi omveka, ndipo abambo nawonso ali ndi mfundo. Matauni ambiri a m'mbali mwa Danube ndi aang'ono moti munthu amawazungulira yekha popanda womutsogolera. Koma tsiku lililonse, musanasankhe zoyenda nokha kapena zotsata gulu, muzidziwa kaye chinthu chimodzi: pobwerera sitimayi mudzaipeza pati, ndipo nthawi yanji. Kusiyidwa sikubwera chifukwa chosochera kokha. Munthu amatha kubwerera bwinobwino pomwe anatsikira, nthawi ili yabwino, n'kupeza pakocheza sitima ina.

Tiyambe ndi chifukwa chomwe sitimazi sizidikira munthu. Kuchokera ku Passau kukafika ku Budapest ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 580, ndipo panjirapo pali madamu 11 opangira magetsi. Padamu lililonse sitima imalowa m'chipinda chamadzi chokhala ndi zitseko zikuluzikulu kutsogolo ndi kumbuyo. Zitseko zikatsekedwa, madzi amawaphwetsa pang'onopang'ono mpaka sitima itatsika kufanana ndi mtsinje wakumunsi, kenako n'kutsegula kuti ipitirire. Pa Gabčíkovo ku Slovakia imatsika mamita pafupifupi 20. Ntchito imeneyi imadya nthawi, ndipo kaputeni akachedwa pang'ono amakapeza sitima zakatundu zamudutsa, ali pamzere. Malo okochezera nawonso amachita kusungitsa pa maola, ndiye nthawi yanu ikatha pamakhala pali sitima ina imene ikuyandama pakati pa mtsinje kudikira kuti muchokepo. Kaputeni akhoza kukhala wachifundo chotani, sangachedwetse anthu 150 kapena 190 chifukwa cha anthu awiri.

Madzulo aliwonse m'chipinda mwanu adzakuikirani pepala la zochitika za mawa, ndipo chakudya chamadzulo chisanayambe mkulu woyang'anira ulendo amafotokoza za tauni yotsatira. Msonkhano umenewu musamaujombe, chifukwa zosintha zonse amanenera pomwepo. Papepalapo pamakhala nthawi ziwiri: yonyamuka sitima, ndi ina yolembedwa kuti All aboard, kutanthauza nthawi yoti aliyense akhale atakwera, yomwe kawirikawiri imakhala mphindi 15 kapena 30 nthawi yonyamuka isanakwane. Yanu ndi yachiwiriyi. Ikangokwana amalinyero amayamba kuchotsa ulalo wokwerera ndi kumasula zingwe. Jambulani pepalalo ndi foni, koma m'mawa muonenso pabolodi la pakhomo la sitima, popeza usiku zinthu zimatha kusintha.

Musanaponde ulalo, imani pakauntala yolandirira alendo mufunse mafunso atatu. Kodi sitima ikhala pomwe pano mpaka madzulo? Nthawi yoti aliyense akhale atakwera ndi iti? Tauni yotsatira ndi iti, ndipo mukakochezako nthawi yanji? Paja safunsa anadya phula. Pakauntala pomwepo tengani kakhadi kolembedwa nambala ya foni ya sitima ndi dzina la doko, aliyense kake, chifukwa inu ndi abambo mutha kulekana m'tauni. Khadi la chipinda chanu amalidutsitsa pamakina potuluka ndi polowa, ndipo ndi mmene amadziwira amene sanabwerere. Musatuluke osalidutsitsa, ngakhale mukungopita kukajambula chithunzi pagombe. Makina akasonyeza kuti muli m'kati, palibe amene adzakufunefuneni.

Funso loyamba lija ndilo lofunika kwambiri paulendo wanuwu. Pa Danube ndi chizolowezi kuti sitima itsitse anthu tauni ina n'kukawatengera tauni ina. Amene akupita tsiku lonse ku Salzburg ku Austria kapena ku Český Krumlov ku Czech Republic amatha kukwera basi m'mawa pamalo amodzi, sitima n'kupitirira ulendo, iwo n'kukaipeza madzulo ku Linz kapena pena pake kumunsi. Nthawi zina sitima imaima mphindi zochepa chabe kuti itsitse kapena kukweza anthu a pabasi, ndipo poima potero saloleza munthu kutsika kukayenda yekha. Masiku ngati amenewa musalimbane nazo zoyenda nokha. Khalani m'sitima kapena kwerani basi ya gulu. Basi ya kampaniyo ikachedwa panjira sitima imaidikira kapena amakonza pokakumana, koma inu mukachedwa panokha, ulendo woithamangira ndi wa m'thumba mwanu.

Palinso china chimene chimadabwitsa alendo oyamba. Madoko a m'matauni aang'ono ndi ochepa, choncho sitima ziwiri kapena zitatu zimamangiriridwa pamodzi mogundana, imodzi yokha ndiyo imakhudza gombe. Ngati yanu ili kunja, mumadutsa m'kati mwa zinzake kuti mufike kumtunda. Pobwerera mutha kupeza kuti yomwe munadutsamo m'mawa yapita, yanu yasendera kugombe, kapena yachoka pakati n'kukakhala kumapeto. Sitimazi n'zofanana kwambiri: zambiri ndi zamamita 135 m'litali ndi mamita pafupifupi 11 ndi theka m'lifupi, chifukwa zinapangidwa kuti zizikwana m'zipata za mamita 12 za ngalande yolumikiza mitsinje ya Main ndi Danube, yomwe inatsegulidwa mu 1992. Za kampani imodzi zimafanana mpaka mipando ndi makapeti. Lowezani dzina la sitima yanu, osati la kampani lokha, ndipo muziliwerenga pakhomo musanalowe. Ndiponso m'mawa musamafulumire kutsegula makatani musanavale, chifukwa zenera la chipinda cha sitima inayo limatha kukhala pafupi moti n'kuligwira ndi dzanja.

Nkhani yogundanayi ikukhudza bondo lanu. Zitseko za sitima ziwiri zikayang'anizana, mumangodutsa pamalo afulati. Zikasiyana kutalika, mumakwera masitepe mpaka pamwamba penipeni pa sitima, kuwoloka, n'kutsikanso masitepe a inayo, ndipo m'sitima zambiri chikepe sichifika pamwamba pamenepo. Auzeni a pakauntala za bondolo tsiku loyamba lomwe. Amalinyero amathandiza anthu pamasitepe, koma amafunika kudziwiratu. Ulalo nawo umasintha malinga ndi madzi: mtsinje ukaphwa sitima imakhala pansi, ulalo n'kukhala chikweza chenicheni, ndipo m'mawa chitsulocho chimaterera ndi mame. Manja onse awiri azikhala opanda kanthu, chikwama kumsana kapena chopachika paphewa. Mukafika kumtunda musangoti tsopano tafika. M'mbali mwa Danube mumadutsa njira yotchuka ya njinga, ndipo m'malo ambiri imadutsa pakamwa penipeni pa ulalo. Njingazo zimathamanga mwakachetechete, makamaka zoyendera batire. Yang'anani mbali zonse, ndipo muzipewa zingwe zomangira sitima.

Tsopano matauni anuwo. Ku Melk chomwe aliyense amapitira ndi nyumba yaikulu yachikasu ya amonke a Benedikito, imene ili pamwamba pa thanthwe moyang'ana mtsinje. Amonkewa akhala pamenepo kuyambira mu 1089, ndipo nyumba yomwe ilipo lero inamangidwa pakati pa 1702 ndi 1736 motsatira pulani ya mmisiri Jakob Prandtauer. Kuchokera padoko ndi ulendo wa mphindi 20 mpaka 30 wapansi, chakumapeto kwake chikweza. Apa ife tingati kwerani basi ya gulu, musanyinyirike. Imakufikitsani pamwamba, matikiti amakhala atagulidwa kale, simuima pamzere, ndipo wokutsogolerani amakudutsitsani m'zipinda mwadongosolo: holo yamiyala ya marble, khonde lapanja pomwe chigwa chonse chimaonekera, laibulale ya mabuku akale oyalidwa mpaka kudenga, kenako tchalitchi. Zonsezi zimatenga pafupifupi ola limodzi. Mukatuluka, abambo apeze ufulu wawo potsika wapansi kudzera m'tauni mpaka kudoko. Inu muone mmene bondo likumvera, podziwa kuti kutsika kumapweteka bondo kuposa kukwera. Likayamba kudandaula, bwererani pabasi.

Mukachoka ku Melk sitima imalowa m'chigwa cha Wachau, mtunda wa makilomita pafupifupi 36 mpaka ku Krems, chomwe bungwe la UNESCO linachiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2000. Imeneyi si nthawi yogona. Khalani pamwamba pa sitima, mutavala juzi chifukwa mphepo ya pamadzi imazizira ngakhale kuli dzuwa, muone minda ya mphesa yokwera m'mapiri m'mizere yotchingidwa ndi makoma amiyala.

Dürnstein ndiye tauni ya abambo. Anthu ake sakwana 1,000, msewu waukulu ndi umodzi, ndipo nsanja ya tchalitchi yabuluu ndi yoyera imaoneka kulikonse, moti kusochera n'kovuta. Kuchokera padoko mumayenda mphindi zisanu kapena khumi m'mphepete mwa madzi, kenako kachikweza kakafupi kolowera m'tauni. Magalimoto odutsa amayenda mumsewu wapansi pa phiri, choncho m'tauni muli phee. Misewu ndi yamiyala yoyala, yosalala chifukwa chopondedwa zaka zambiri, ndipo kukagwa mvula imaterera. Valani nsapato zafulati za mphira pansi, ndipo ngati muli ndi ndodo yoyendera ikhale ya mphira kunsonga. M'timasitolo mudzapeza zopangidwa kuchokera ku zipatso za apricot, zomwe chigwachi chimatchuka nazo: jamu, timadzi, zakumwa zaukali. Zipatso zenizenizo zimapsa mu Julaye. Vinyo wake ndi woyera, wa mphesa za Grüner Veltliner ndi Riesling. Mukagula botolo kapena jamu, kumbukirani kuti pandege zidzafunika kulowa m'sutikesi yaikulu, osati m'chikwama cham'manja.

Pamwamba pa tauniyi pali bwinja la linga momwe Leopold V wa ku Austria anatsekeramo mfumu Richard I ya ku England, ataigwira pafupi ndi Vienna mu Disembala 1192. Kukwera kumeneko kumatenga mphindi 20 mpaka 30 pamasitepe amiyala osalingana. Inu mayi musakwereko. Abambo ngati ali ndi mphamvu apite, malo ake ndi okongola zedi, koma mupangane nthawi yotembenuka, afike pamwamba kapena asafike.

Nthawiyo muziiwerenga chobwerera m'mbuyo. Tinene kuti papepala nthawi ya All aboard ija alemba 4:45 madzulo. Chotsanipo mphindi 30 zongosungira, ndiye cholinga chanu n'kufika pasitima 4:15. Kuchokera m'tauni kukafika padoko, pa liwiro la bondo lanu, ikani mphindi 15. Ndiye kuti 4 koloko mukhale mutanyamuka. Abambo kutsika phiri kuwatengera mphindi 25, choncho 3:30 akhale atayamba kutsika. Tcherani alamu pafoni zonse ziwiri. M'tauni iliyonse yambani ndi malo akutali kwambiri, muzibwera chakufupi, kuti ola lomaliza likupezeni pamalo pomwe sitima mukuiona ndi maso. Ndipo musaitanitse chakudya chophika m'lesitilanti kutatsala mphindi 40. Kumeneko woperekera zakudya sabweretsa bilu mpaka mutaipempha, ndipo pamakhala poti anthu a sitima zitatu akufuna kulipira nthawi imodzi.

Mizinda ikuluikulu nkhani yake ndi ina. Ku Passau funsiranitu doko lenileni, chifukwa sitima zina zimakocheza pafupi ndi tauni yakale pomwe zina zimakhala ku Lindau, kunja kwa tauni, kofunika takisi kapena basi. Mukafika kudakali nthawi, yendani mpaka kunsonga komwe mitsinje itatu imakumana, muone madzi otuwira a Inn, akuda a Ilz ndi a Danube akuyenda limodzi asanasakanikirane. Ku Vienna sitima zambiri zimaima ku Handelskai pafupi ndi mlatho wa Reichsbrücke, kutali ndi pakati pa mzinda. Koma sitima yapansi panthaka ya U1 ili pafupi: kukwerera pa Vorgartenstraße, yolowera ku Oberlaa, siteshoni yachinayi ndi Stephansplatz, pakhomo pa tchalitchi chachikulu. Pobwerera mukwere yolowera ku Leopoldau. Pasiteshoni palibe chotchinga pakhomo, koma tikiti yapepala iyenera kudindidwa pakamakina musanakwere, ndipo oyendera akakupezani ndi yosadinda amakulipiritsani chindapusa, za ulendo wanu sazimva. Ku Budapest lamulo ndi lomwelo. Ku Bratislava doko lili pafupi kwambiri ndi tauni yakale, mphindi zochepa wapansi, ndipo mutha kuyenda nokha mosavuta, kupatula linga lomwe lili paphiri.

M'mizinda imeneyi pali njira yokondweretsa nonse awiri. Makampani ambiri amaphatikiza kale pamtengo ulendo umodzi woona malo padoko lililonse, ndiye onani pamapepala anu, mwina munalipira kale. Pitani ndi gulu m'mawa kuti mzinda muudziwe, kenako masana muyende nokha. Magulu amawagawa, ndipo kawirikawiri pamakhala la oyenda pang'onopang'ono, lomwe limapewa masitepe ndi zitunda. Lembetsani kumeneko usiku wake. Adzakupatsani kawailesi kovala m'khosi kokhala ndi chomvera m'khutu, kotero mumamva wotsogolera ngakhale mutatsalira m'mbuyo kapena mutakhala pabenchi. Kamatchajidwa m'chipinda mwanu, ndiye muzikabwezera pachotchajira madzulo aliwonse. Mukafuna kupatuka pagulu palibe choletsa, koma muuzeni wotsogolerayo. Mukangozemba, anthu 30 amaima padzuwa iye akukuwerengani mobwerezabwereza.

Za ndalama ndi zachidule. Ku Germany, Austria ndi Slovakia ndi mayuro, ku Hungary ndi forint, ndipo mukapita ku Český Krumlov ndi koruna. Makhadi a kubanki amalandiridwa m'malo ambiri, komabe timasitolo ting'onoting'ono tina timafuna ndalama zogwirika, ndipo zimbudzi za anthu onse zimafuna ndalama zachitsulo, masenti 50 mpaka yuro imodzi. Makina olipirira akakufunsani kuti mulipira mu ndalama iti, sankhani ya dziko lomwe mulimo, chifukwa kusintha kwa makinawo kumakhala kodula. Ku Germany ndi ku Austria masitolo ambiri amatseka Lamlungu, ndipo nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale zimatseka Lolemba, choncho onani kuti tauni iliyonse ikugwera tsiku lanji. Mayiko onsewa ali m'chigawo cha Schengen, momwe kawirikawiri anthu amawoloka malire osaonetsa pasipoti, ndipo wotchi yawo ndi imodzi. Ngati pasipoti yanu ikusungidwa pakauntala, yendani ndi fotokope yake, koma tsiku lowoloka malire pabasi funsani ngati muyenera kutenga yeniyeniyo.

Chinthu chomwe chingasokoneze ndandanda yonse ndi mtsinje weniweniwo. Madzi akachepa kwambiri, monga zinachitikira mu 2018 ndi 2022, sitima zimalephera kudutsa malo osaya, ndipo amodzi mwa malo otere ali chakumtunda kwa Budapest. Zikatero sitima imaima kutali, alendo n'kumalizitsa ulendo pabasi, kapena kusamutsidwira m'sitima ina ya kampani yomweyo imene ili tsidya lina la malo osayawo. Madzi akachuluka vuto limakhala milatho, popeza sitima siikwana kunsi kwake, ndipo akuluakulu a boma amatha kutseka mtsinje wonse, monga zinachitikira ku Austria mu Seputembala 2024. Ku Passau, pakhoma la nyumba ya khonsolo pali mizere yosonyeza pomwe madzi anafika zaka zosiyanasiyana, ndipo mu Juni 2013 anakwera kufika mamita 12.89. N'chifukwa chake si nzeru kugula pa intaneti matikiti osabwezeka a ola lakutilakuti m'tauni ya pakati pa ulendo. Sitima ikafika mochedwa ndi maola atatu, kapena ikapanda kuimako n'komwe, ndalamayo yapita. Mankhwala anu a bondo ndi ena onse azikhala m'chikwama cham'manja, chifukwa tsiku losamuka masutikesi amayenda pagalimoto ina.

Nanga zikachitika kuti mwafika padoko sitima palibe? Choyamba yang'anani kumtunda ndi kumunsi kwa gombe, ndiponso kuseri kwa sitima zomwe zilipo, mwina yangosuntha. Kenako imbani nambala ya pakakhadi kaja. Ndipotu muziimba mukangoona kuti muchedwa, osadikira kufika padoko, chifukwa akadziwa kuti muli mphindi zisanu kuchokera pomwepo nthawi zina amatha kupirira, pomwe munthu wosadziwika komwe ali samudikira. Kuti zimenezi zitheke foni yanu iyenera kukhala yotha kuimba m'mayiko amenewo, osati yodalira intaneti ya m'sitima yokha. Konzani zimenezi musananyamuke, ndipo mapu a matauniwo muwasungiretu m'foni.

Ubwino wa mtsinje ndi wakuti sitima siithamanga, ndipo m'mbali mwake muli misewu ndi njanji. Kuchokera ku Dürnstein kupita ku Krems ndi mphindi zochepa pa takisi, ndipo kuchokera ku Krems sitima yapamtunda imafika ku Vienna pa ola limodzi ndi mphindi zochepa, kawirikawiri yapamadziyo isanafike. Musathamangire padamu poganiza kuti mukakwerera pomwepo. Pitani kumene a m'sitima akuuzani pafoni, ndipo afunseni dzina kapena nambala ya doko, chifukwa ku Vienna madoko ndi ambiri. Choncho nthawi iliyonse mukamatsika, ngakhale kwa ola limodzi, m'chikwama mukhale khadi la kubanki, mayuro okwana takisi, mankhwala a tsiku limodzi, ndi foni yodzaza moto. Wina akadwala kapena kuvulala muli kumtunda, imbani 112, nambala yangozi yomwe imagwira ntchito m'mayiko onse a paulendo wanuwu, kenako mudziwitse a m'sitima.